Musanamuitane kumaliro, mufunseni kuti viza yake ikutha liti

Amayi anzanga, ndi mabanja ochepa kuno ku Mtunthama, kwa Wimbe mpaka ku Chamama amene alibe mwana, mlongo kapena mdzukulu ku Joni. Ena mwa iwo adapeza banja komweko ndi eni dziko. Mukawaimbira foni kuti agogo adwalika, bwera udzawaone, yankho limakhala lomwe lija: "Amayi, mapepala anga sanatuluke." Chaka chimatha, china n'kulowa. Kumudzi timayamba kunong'onezana kuti mwana uja watchona, kapena kuti apongozi athu a kumeneko ndiwo akumuletsa. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri mwanayo amakhala akunena zoona, ndipo kumukakamiza kukwera basi pa nthawi yolakwika kungamulekanitse ndi mwamuna wake, ana ake ndi ntchito yake kwa zaka zisanu. Mukamvetsa mmene mapepalawa amayendera, mudzadziwa nthawi yomuitana ndi nthawi yomuuza kuti khala kaye.

Ukwati pawokha supatsa munthu malo m'dziko la eni

Mmalawi akafika pachipata cha Beitbridge ndi pasipoti yake, amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza, koma ngati mlendo, ndipo masiku ake sapitirira 30. Kukwatiwa ndi nzika ya kumeneko sikusintha masiku amenewa. Ambiri amaganiza kuti akangovala mphete ndiye kuti nawonso asanduka eni dziko. Ayi ndithu. Ukwati umangomutsegulira khomo loti apemphe, ndipo kupemphako kuli ndi masitepe ake.

Lamulo loona za olowa ndi otuluka la m'dzikolo, la chaka cha 2002, limayamba ndi viza ya kanthawi. Wokwatiwa kapena wokwatira nzika angathe kupempha viza ya wachibale, imene imakhala ya zaka ziwiri koma siyilola kugwira ntchito. Angathenso kupempha ina imene anthu amangoitchula kuti 11(6), kutengera ndime ya lamulo imene ikukamba za iyo. Imeneyi imalola munthu kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi ngati wapempha choncho. Kale munthu wolowa ngati mlendo ankayenera kubwerera kwawo kuti akapemphere viza zimenezi ku ofesi ya kazembe. Mu Juni 2019 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo, pa mlandu wa mayi wina wa ku Uganda wotchedwa Nandutu, lidagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika angathe kupempha ali m'dziko momwemo. Koma apemphe masiku ake a ulendo asanathe. Amene masiku ake adatha kalekale n'kumangokhala ali pa vuto lina, ndipo tifikapo.

Chilolezo chokhala mpaka kalekale, chimene ana athu amati PR, chimabwera pambuyo pake. Ndime 26(b) imati munthu akhale atatha zaka zisanu ali pabanja ndi nzika kapena ndi munthu amene ali kale ndi PR. Ndiye taonani: zaka zisanu zodikira kuti ayenere kupempha, kenako zaka zina zodikira yankho. Ngakhale PR itatuluka, banja likatha zaka ziwiri zisanakwane chitulukireni, chilolezocho chimatha mphamvu, pokhapokha ngati banjalo latha ndi imfa.

Apa pali mfundo imene ikutikhudza ife a mpingo. Ukwati wodalitsidwa paguwa ndi sakramenti, ndipo palibe ofesi imene ingaufafanize. Koma a unduna wa Home Affairs sawerenga kaundula wa parishi. Amafuna setifiketi imene boma likuidziwa. Ku South Africa wansembe amamangitsa ukwati wovomerezeka ndi boma ngati iyeyo adapatsidwa udindo umenewo ndi bomalo, choncho ana athu azifunsa bambo mfumu za ichi tsiku lisanafike. Ukwati wa malowolo nawo ndi wovomerezeka kumeneko potsatira lamulo la 1998, ndipo lamulolo limati ukalembetsedwe ku Home Affairs m'miyezi itatu. Ngati chinkhoswe chidachitikira kuno kumudzi, lamulo lathu la maukwati la 2015 limauzindikira, koma mawu a ankhoswe sawoloka Limpopo. Pafunika pepala. Mwana wanu akakupemphani kuti mumuthandize kupeza kalata yosonyeza kuti sadakwatiwepo kuno, kapena kalata ya kupolisi yoti alibe mlandu, musazengereze poganiza kuti n'zachabe. Kalata ya kupolisi imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ikachedwa m'njira, kapena ikakhalitsa m'chikwama cha woyendetsa basi amene mudamutuma, ayambanso poyambirira.

N'chifukwa chiyani zimachedwa chonchi?

Kuyambira 2014 wopempha sapita ku Home Affairs mwachindunji. Amapereka mapepala ake ku ofesi za kampani ya VFS Global, amalipira, amadinda zala, n'kupatsidwa risiti. Kampaniyi imangolandira ndi kutumiza. Ogamula ali ku Pretoria, ndipo kumeneko ndi kumene mulu wa mapepala udakula. Mliri wa Covid-19 utafika mu Malichi 2020, boma lidasiya kulandira mapempho a PR mpaka Januwale 2022. Pofika 2024 undunawo udavomera wokha kuti unali ndi mapempho oposa 300,000 osayankhidwa, ena a zaka zambirimbiri. Nduna yatsopano, a Leon Schreiber, italowa mu Julayi 2024, idaika anthu apadera oti achepetse muluwo, ndipo wambiri udachepadi. Komabe mapempho a PR odzera m'banja ndi ena mwa amene amatenga nthawi yaitali, chifukwa boma limafufuza ngati ukwatiwo ndi weniweni. Alipo amene adikira zaka ziwiri, zitatu ngakhale kupitirira.

Kufufuzako kuli ndi chifukwa chake. Maukwati ogula alipo: munthu amalipira nzika kuti imulembetse ngati mkazi kapena mwamuna wake, osakhalira limodzi n'komwe. Chifukwa cha amenewa, a mabanja enieni nawo amafunsidwa mafunso, amaonetsa umboni woti akukhala nyumba imodzi ndi kuthandizana pa ndalama. Ndipo ndikuchenjezeni pano: nyengo ya msika wa fodya ku Chinkhoma, ndalama zikalowa m'nyumba, pamabwera foni yoti pali munthu wina wa mkati amene angatulutse pepala msanga tikamupatsa kangachepe. Musagulitse mabelo anu chifukwa cha zimenezo. Wopezeka ndi viza yachinyengo lamulo limamuika m'gulu la anthu oletsedwa kulowanso m'dzikolo, ndipo chiletso chimenecho chilibe tsiku lothera.

Ndani angabwere kumudzi, ndani sangabwere?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo yankho silili pa PR imene akudikirayo. Lili pa viza ya kanthawi imene ili m'pasipoti mwake lero.

Ngati vizayo idakali ndi moyo, mwana wanu angathe kubwera, kulira maliro, kugona masiku angapo n'kubwerera tsiku lake lisanakwane. Pempho lake la PR limapitirira kuyenda ku Pretoria iye ali kuno. Amene ali m'gulu limeneli akamakana kubwera, chifukwa chake ndi china, mwina ndalama ya basi kapena bwana wouma mtima, koma osati lamulo.

Vuto limayamba vizayo ikatha. Risiti ya PR si viza. Ndibwerezenso chifukwa ambiri agwa pamenepa: kupereka pempho la PR sikupatsa munthu ufulu wokhala m'dzikolo pamene akudikira. Ayenera kumawonjezera viza yake ya kanthawi nthawi zonse, ndipo malamulo amati apereke pempho lowonjezera kudakali masiku 60 kuti ithe. Tsopano tiyerekeze kuti mwana wanu adachita zonse bwino. Adapereka pempho lowonjezera pa nthawi yake, koma ku Pretoria kwangoti zii, ndipo tsiku la viza ladutsa. Iye sadalakwe kanthu, komabe m'pasipoti mwake muli viza yakufa. Poona kuti cholakwa n'chake, boma lakhala likutulutsa zikalata zapadera zopatsa anthu otere nthawi yowonjezera ndi kuwalola kutuluka n'kulowanso ataonetsa risiti yeniyeni ya VFS. Chikalata chimene a Schreiber adasaina atangolowa chidafika pa 31 Disembala 2024, ndipo adachiwonjezeranso mu 2025. Koma chikalata chilichonse chimakhala ndi tsiku lake lothera ndi magulu ake a anthu amene chikuwakhudza, ndipo zikalatazi zidanena poyera kuti ongodikira PR sizikuwateteza. Choncho amene akudalira risiti asanyamuke chifukwa mnzake wa pa WhatsApp wati palibe vuto. Awerenge chikalata chimene chikugwira ntchito mwezi umenewo, achisindikize, achinyamule pamodzi ndi risitiyo, ndipo abwerere tsiku lake lisanadutse.

Gulu lomaliza ndi la amene viza kapena masiku 30 aja adatha, osapereka pempho lililonse. Tinene chilungamo, ana athu ambiri ali m'gulu limeneli, ngakhale ena amene ali pabanja lenileni ndi ana awiri kapena atatu. Kuyambira mu Meyi 2014 munthu wotere salipitsidwanso chindapusa pachipata monga kale. Amadindidwa kuti ndi wosafunika m'dzikolo. Akapyola masiku osaposa 30, amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi. Akabwereza m'zaka ziwiri, chiletso ndi zaka ziwiri. Akapyola masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Chidindocho chimagwa tsiku limene akutuluka. Kutanthauza kuti basi imene yamubweretsa kudzaika mayi ake m'manda ndi yomweyo imene yamutsekera chitseko kumbuyo.

Taganizirani zimenezi kwa mayi amene wasiya mwana wa zaka ziwiri ndi bambo ake ku Germiston poganiza kuti abwerera Lamlungu. Zaka zisanu zikadzatha mwanayo adzakhala ali kusukulu. Mwayi wochita apilo ulipo, ndipo lamulo limalola kuti chiletso chichotsedwe ngati pali chifukwa chomveka, monga ana aang'ono kapena matenda, koma apilo nayo imadikira yankho, ndipo iye amakhala ali kunja. Ambiri sapirira. Amagwirizana ndi otsogolera anthu m'njira za kutchire, n'kukawoloka Limpopo usiku. Zimene zimachitikira amayi m'tchire limenelo timazimva kuchipatala, ndipo sizoyenera kulembedwa m'magazini ino. Akawoloka bwino, amakhala mozemba, kuopa galimoto iliyonse ya polisi ndi kumangidwa ku Lindela, pamene pempho la PR lafera m'njira. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga.

Pasipoti nayo imagwetsa anthu. Yathu imakhala zaka khumi, ndipo munthu amene wadikira zaka zisanu za banja ndi zina za ku Pretoria amapezeka kuti yatsala pang'ono kutha. Viza siyingaikidwe m'pasipoti yakutha. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene nthambi yathu yoona za olowa ndi otuluka idasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo, a Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti adalowerera makompyuta ake. Amene adabwera kudzakonzetsa pasipoti nthawi imeneyo adakhala kuno masiku a viza akuthera m'manja. Uzani ana anu ayambe kukonzetsa kudakali chaka, ndipo yatsopano ikatuluka asataye yakale, chifukwa viza ili m'menemo.

Amene ali kutsidya kwa nyanja

Anamwino, aphunzitsi ndi ana asukulu athu ena adapeza mabanja ku America ndi ku Britain, ndipo kumeneko lamulo ndi louma kuposa la ku Joni. Ku America, wokwatiwa ndi nzika amene wapempha green card ali m'dziko momwemo amadzaza fomu I-485. Akatuluka m'dzikolo asanalandire chilolezo chapadera choyendera, chotchedwa advance parole, chimene amapempha pa fomu I-131, boma kawirikawiri limatenga kuti pempho lake walisiya. Chilolezo choyenderacho nachonso chimatenga miyezi, ngakhale pali njira yopempha mwachangu pa imfa kapena matenda aakulu a wachibale. Apa inu mungathandize: kalata ya dokotala kapena setifiketi ya imfa, yojambulidwa bwino ndi kutumizidwa tsiku lomwelo, ndiyo imene ofesi imafuna kuona. Ku Britain, amene wapereka pempho lowonjezera kapena lokhazikika n'kutuluka m'dera la Britain ndi Ireland yankho lisanabwere, pempho lake limatengedwa ngati walichotsa yekha. Zina mwa ndalama zimene adalipira sizibwerera.

Zokhudza thanzi

Mwambo wathu umati mimba yoyamba mwana akachilire kwa mayi ake, ndipo ngati mzamba ndimaulemekeza, chifukwa mayi wongobereka kumene amafuna munthu womusamala. Koma ulendo wa pabasi wa masiku awiri kapena kuposa, kudzera ku Harare, Nyamapanda ndi Tete, si wa mayi wa miyezi isanu ndi itatu. Miyendo imatupa, magazi angathe kuundana m'mitsempha, ndipo matenda akayamba m'njira palibe womuthandiza. Mwana wobadwira kuno amafunanso kulembetsedwa ndi kupezeredwa pasipoti asanapite kwa bambo ake, pamene viza ya mayi ikuwerenga masiku. Ngati akuopa kuti kumeneko samulandira kuchipatala, muuzeni kuti mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ayenera kuthandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala awo. Alipo magulu amene amaopseza alendo pazipata za zipatala, koma lamulo lili kumbali ya mayiyo. Asalumphe sikelo. Ngati mungathe, n'kwapafupi kuti inuyo mupite kukamusamala m'masiku 30 amene mumaloledwa, n'kubwerera asanathe.

Amene mapepala ake ali bwino ndipo akubwera, akumbukire malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndipo munthu akakhalako zaka zambiri thupi lake limaiwala kulimbana nawo. Adzukulu obadwira kumeneko ndiye alibiretu chitetezo. Akonzereni neti usiku woyamba womwewo, ndipo thupi likangotentha, kaya kuno kaya atabwerera, akayezetse magazi ndi kuuza dokotala kuti anali ku Malawi. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP anyamule okwanira kuposa masiku a ulendo, pamodzi ndi kalata ya kuchipatala chake. Mdzukulu amene ndi nzika ya South Africa akamayenda ndi kholo limodzi amafunika setifiketi yake ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo linalo, apo ayi amabwezedwa pachipata.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchikamba. Pepala la mkazi likamadalira mwamuna, mwamuna wankhanza amadziwa kuti ali ndi chingwe m'manja. Amabisa pasipoti, amakana kusaina, amaopseza kuti akanena ku Home Affairs kuti banja latha. Mkazi amapirira zibakera powerenga zaka, ife kuno n'kumamulangiza kuti banja n'kupirira, osadziwa chimene akupirira. Mwana wanu akayamba kulankhula motsitsa mawu pafoni, mufunseni ali yekha. Mu Disembala 2023 khoti lija loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Rayment, lidagamula kuti mlendo amene ndi kholo la mwana wa nzika, ndipo akumusamala mwanayo, sayenera kuchoka m'dziko kapena kusiya ntchito chifukwa choti banja latha. Angathe kupempha viza ina ali komweko, bola asachedwe. Khoti la majisitireti limaperekanso chikalata chomuteteza kwa womuzunza posafunsa kuti ndi wa dziko liti. Uphungu waulere angaupeze ku Scalabrini Centre ku Cape Town, imene idayambitsidwa ndi ansembe a chipani cha Scalabrini, kapena ku bungwe la Lawyers for Human Rights ku Johannesburg, Pretoria ndi Durban.

Maliro akagwa

Kudikira wa ku Joni si kwachilendo kwa ife a ku Kasungu. Agogo athu adadikira amuna awo a ku Wenela, ndipo Kamuzu yemwe, amene adaphunzira pansi pa mtengo wa kachere kuno ku Mtunthama, adachoka ali mnyamata wapansi n'kudzabwerera kudzakhala mu 1958. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano foni ili m'manja, ndiye wosabwera timamuweruza msanga. Pasiwa pamamveka mawu oti ndalama watumiza koma nkhope yake sitinaione, ngati kuti mayi ake adabereka ndalama. Mawu amenewo amamufika. Amagona osagona, BP n'kukwera, ndipo ena amakwera basi akudziwa bwino chimene chikuwadikira pa Beitbridge, pongofuna kuthawa manyazi.

Inu amayi a bungwe ndinu amene mumagona pasiwa, kuphika ndi kutsogolera nyimbo, ndipo mawu anu amamveka. Uthenga wa maliro usanapite, mmodzi wa inu amene amatha kuwerenga apemphe mwanayo kuti ajambule tsamba la viza n'kutumiza pa WhatsApp. Muone tsiku lothera. Ngati lili kutsogolo ndi miyezi ingapo, abwere. Ngati ladutsa kapena latsala pafupi, mwini mbumba kapena mayi wamkulu wa pabanjapo amuuze ndi pakamwa pake kuti takumasula, usabwere, tiika ndife. Mawu amenewa ayenera kuchokera kwa wamkulu, chifukwa mwanayo sangadzimasule yekha. Pamwambo wa maliro, wolankhula m'malo mwa banja anene poyera kuti uje sanabwere chifukwa cha mapepala ndipo ndife tamuletsa, kuti pasakhale wonong'ona. Mnyamata mmodzi wa mumphakati agwire foni kuti mwanayo aone Misa ndi kumanda. Za chiliza, palibe lamulo la Mpingo limene limati chimangidwe chaka chomwecho. Kambiranani ndi bambo mfumu ndi a kubanja kuti tsiku lodalitsa chiliza lidzaikidwe viza yatsopano ikadzalowa m'pasipoti, ngakhale patapita zaka ziwiri, kuti iye adzakhalepo.